Mlendo Amene Anakana Madzi

Phalula, Balaka

Okondedwa achimwene,

Moni kumigodi ya ku Joniko. Kuno tonse tili bwino, kupatula ulemu wanga. Dzana kunafika mkulu wina wovala mkanjo woyera, ndipo ine, mphunzitsi wathunthu, ndinathamangira kumuonetsa khadi la chipani asanapereke n'komwe moni. Anaseka. "Iyayi aphunzitsi, ine si wa makhadi. Ndingopuma pang'ono."

Linali tsiku lija la m'masika lomwe mumaliopa ine n'kumakusekani. Agogo anamwalira tsiku limenelo bambo akubadwa, ndipo bambo anamira mu Shire ku Liwonde tsiku lomwelo inu mukubadwa. Ku koleji anatiphunzitsa kuti zotere zimangochitika mwangozi. Koma m'nyumba alamu anu matenda anali atayamba, azamba ali nawo.

Mlendoyo anakhala pakhonde. Madzi anakana, chinangwa anakana. Galu wathu uja, wouwa ngakhale nkhuku, anakabisala pansi pa nkhokwe. Ndikamufunsa kwawo, ankangoti, "Kufupi konkuno."

Dzuwa litapendeka, mwana analira. Ndi wamwamuna, ndipo mayi ake ali bwino. Ndinayang'ana aliyense pabwalo, palibe ngakhale wotsokomola.

Mkuluyo anaimirira n'kusasa mkanjo wake. "Pano ndaona, aphunzitsi. Nanga achimwene anu aja ali kumgodi uti?"

Mgodi wanu sindinamuuze. Chonde, mukangolandira kalatayi mundilembere, ngakhale mzere umodzi. Mulungu akusungeni pansipo. Munthuyo sanafunsenso kachiwiri. Analowera msewu wa kummwera, akuyenda ngati wodziwa njira.

Ine mkulu wanu,
Faustino