Mizere ya Pamatope a Ambal

Buntal,
14 Januwale

Okondedwa achimwene a Morshidi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kuala Lumpur pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, mvula yokha ndiyo yatikwana.

Uthenga wanu woti Amayi adzakhale nanu ndinaulandira, ndipo ndinapsa mtima, ndisakubisireni. Munthu wokulira m'matope mukamutsekere m'nyumba yosanja, azikayang'ana khoma? Nyengo inoyi ya ambal, nkhono zathu zija zobisala m'mauna a m'matope a kunyanja? Nyanja ikangophwa, iwo atenga kale ndowa ndi kachitini kawo ka laimu wosakaniza ndi phulusa. Dzana amaseka alamu: "Mkazi wa Morshidi akuti lorjuk, Achaina akuti nkhono za nsungwi, azungu akuti lumo. Itanani dzina lililonse, sizituluka. Zimamva laimu basi!"

Za maso awo, eya, ng'ala ija yakulako pang'ono. Koma ine ndinapeza nzeru. Ndimatsogola, ndikaona kauna ndimakazunguliza mzere ndi chala cha kuphazi n'kupitirira ngati sindinaone kanthu. Iwo akafika amaviika kamtengo m'laimu, kulowetsa m'kaunako, ambal n'kutumphukira kunja. Ndiye muwamve kudzitama! "Sapiah, wadutsanso pa ndiwo! Maso akowo ndi okongoletsa nkhope?"

Ndinafuna kulekera pomwepa, koma dzanja likukana.

Lachisanu madzi anayamba kubwerera ife tili kutali. Ndinakuwa kuti, "Amayi, tiyeni!" n'kuyamba ulendo, poganiza kuti ali pambuyo panga. Potembenuka ndinaona akuyenda ndithu mwachangu, ndowa ili m'manja, kulowera kunyanja. Powapeza n'kuti madzi ali m'mawondo. Achimwene, phiri lonse lija la Santubong, lomwe anatiphunzitsa kuti tiziyang'ana pobwerera kumtunda, sakulionanso.

Ndinawagwira dzanja n'kuwatsogolera kumtunda. Titafika pamtunda ndi pomwe anati, "Mizere yako ija uzikumbako kwambiri, iwe. Ndimaimva ndi phazi, sindiiona. Ndipo ina lero wandizungulizira mauna a nkhanu." Kani amadziwa nyengo yonseyi! Ine kulira, iwo kuseka, amvekere, "Ukulirira nkhanu?"

Choncho sindikukananso. Atengeni, madokotala akumeneko akawaone maso. Nyumba ino idzandikulira, koma bola kuwasowa ali kwanu kusiyana ndi kukawafunafuna m'madzi.

Moni kwa alamu, muwauze kuti lorjuk wawo tawasungira. Moni kwa ana. Amayi akupereka moni, ndipo akuti ndilembe mawu awo osachotsa kanthu: "Umuuze mlongo wako asatumize tikiti, sindine katundu. Abwere yekha nyengo isanathe, avule nsapato, anditsogolere tsiku limodzi. Ndimve ngati phazi lake likukumbukira kwawo."

Ndowa yanu yakale ija ndatsuka kale.

Ine mlongo wanu,
Sapiah