Paipi ya ku redieta yandichititsa manyazi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Pafoni ndalephera kukuuzani za galimoto munandisiyira ija. Munandilangiza kuti ndizifinya mapaipi a ku redieta injini isanatenthe, ndipo ina ikapezeka yofewa kapena yong'aluka ndizisintha msanga. Ndinaona ndithu kuti yapamwamba ikudontha, koma ndinangoikulunga ndi chubu chakale cha njinga. Mtima wanga unali pa kupukuta galimoto kuti ikawale pa chinkhoswe changa.

Loweruka tikupita ku Khonjeni, paipiyo inaphulika pachitunda, pakati pa minda ya tiyi. Nthunzi inangoti tolo m'boneti, othyola tiyi n'kusiya ntchito kumationerera. Amalume, nkhoswe yanga, anatsika mwakachetechete. Tinamaliza ulendo pa kabaza, iwo suti ili fumbi lokhalokha, tambala wokapereka kuchikazi ali m'khwapa. Tinapeza akuchikazi atatopa n'kuimba, ena akunong'onezana kuti mkamwini wathawa.

Makaniko akuti injini yapulumuka chifukwa ndinazimitsa msanga. Atandionetsa paipiyo, yoola mkati monse, anandifunsa kuti, "Bwana, mumati chubu cha njinga chigwira madzi owira?"

Chonde mundipezere mapaipi onse awiri ndi makilampu ake, mutumize pa basi. Koma amalume musawaimbire kaye. Chichokereni kuchinkhoswe, mawu andiyankhula ndi awa okha: "Mkulu wako akadakusiyira njinga."

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Limbani