Ndinapitirira Mbendera ya Pamlatho

Kwa Kaluluma,
Kasungu.
16 Julaye 2024.

Okondedwa achemwali anga a Modester,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Cape Town. Musadabwe kuti ndalemba pamanja ngati masiku a kusukulu pomwe foni ili m'thumba. Mawu ena pafoni amandikanirira pakhosi. Ndaipatsira a Wyson a kutchalitchi kwathu, amene akukwera basi Lachinayi, ndipo alonjeza kuti aifikitsa m'manja mwanu.

Kuno kwazizira kwambiri chaka chino, mphepo ikungoulutsa fumbi m'minda. Fodya ndamaliza kugulitsa, mabelo omaliza anapita sabata ziwiri zapitazo ndipo chigafa changotsala pululu. Nyumba ya malemu amayi ndaifoleranso monga munanenera.

Mwakhala mukufunsa za mlamu wanu Dorika, ine n'kumayankha kuti ali kwawo kwa Lukwa, akudwazika mayi ake. Achemwali, apongozi anga sakudwala. Ali gwa, akupita okha kudimba. Dorika anachoka pakhomo pano mu Disembala atanyamula chikwama chimodzi, ndipo miyezi isanu ndi iwiri yakwana ndikudya ndekha. Chimene chinamuchotsa ndikuuzani, koma mundilole ndiyambire pa za Loweruka lapitali, chifukwa popanda tsiku limenelo kalata ino sindikanalemba.

Ogulitsa njinga zamoto ena anabwera nazo pabwalo la mpira kuboma. Akudziwa kuti ino ndiyo nyengo imene mlimi wa fodya amayenda modzimva. Analengeza pawailesi kuti aliyense wokhala ndi laisensi abwere adzakwere yekha, ayese imene akufuna. Laisensi ndili nayo kuchokera nthawi ija ndinkayendetsa njinga ya kalabu yathu ya alimi. Kunena zoona sindinapite kukagula. Loweruka limatalika pakhomo popanda wolankhula naye, ndiye ndinangovala jekete n'kukwera minibasi.

Ndinapeza matenti awiri, nyimbo zili pokopoko, njinga zitandandalikidwa zikung'anima padzuwa. Mwini wake ndi a Abbasi, bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga. Anatenga chitupa changa, nandipatsa chisoti chachikulu chotseka nkhope yonse.

"Muzungulira bwaloli kamodzi," anatero, "mutulukira pageti, mutsata msewu wafumbi mpaka pamlatho pamene taimika mbendera yofiira. Pamenepo mutembenuka. Wopitirira mbendera timamuyesa wakuba."

Ndinayamba ndi yofiira yaing'ono. Ndi yopepuka, akuti mafuta imangonyambita, koma pamabampu inkadumpha ngati kamwana ka mbuzi, msana wonse kuwawa. Yachiwiri inali yobiriwira, yaitali, ya matayala a manomano, yopangira njira zamatope. Mukundidziwa kufupika kwanga. Nditaima pageti phazi linasowa pansi, ndinatsala pang'ono kugwa nayo pamaso pa anthu. Ndinaseka ndekha m'chisotimo, kenako ndinatembenuka kufuna woseka naye. Aliyense anali ndi wake.

Anthu ambiri anabwera awiriawiri. Panali mlimi wina wa ku Chisemphere ndi mkazi wake, mayi wathupi wovala chitenje chatsopano. Mwamunayo akangoipatsa moto pang'ono, mayiyo ankamumenya paphewa akukuwa kuti, "Pang'onopang'ono, bambo a Comfort, ana akadali aang'ono!" Bwalo lonse linkafa ndi phwete. Ine ndinawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu waulemu amayenera kuyang'anira banja la eni.

Yachitatu inali yamagetsi, yoyendera batire. Imeneyo siilira n'komwe. Umangomva matayala akuphwanya timiyala ndi mpweya wako m'chisoti. Anzanga ankaiyamikira, koma ine ndinabwerera nayo ndisanafike n'pamlatho pomwe. A Abbasi atafunsa chimene chavuta ndinati, "Yachete kwambiri." Sindinawauze kuti kuchete koteroko ndakusiya kunyumba.

Kenako anandikokera ku yakuda, ya mtundu umene amakonda akabaza, ya mpando wautali ndi keriyala yolimba kumbuyo.

"Iyi ndi ya munthu wapabanja," anatero akusisita mpandowo. "Koma mpando wakumbuyo sayesa mwamuna. Amayi mwawasiya kuti?"

"Atanganidwa kunyumba," ndinayankha.

Ndinakwera. Injini yake inkalira mofatsa, magiya akulowa mosakakamiza. Ndinafika pamlatho, mbendera ndinaiona bwinobwino. Achemwali, sindinganame kuti ndinaiwala kapena kuti mabuleki anakana. Msewu umenewo ukapitirira mlatho umalowera chakumadzulo, kwa Lukwa. Ndinatsitsa galasi la chisoti, n'kuwonjezera moto.

Sindinadziwe chimene ndikukachita. Njira yonse ndinkadziuza kuti ndingoona denga la nyumba yawo ndibwerere. Ndinadutsa minda ya fodya yongotsala ziputu, ndinadutsa ngolo za ng'ombe, fumbi lili koboo kumbuyo kwanga. Nditayandikira mudzi wawo mantha anandigwira. Ndinaima pamphambano, pansi pa mtengo wa mthethe, injini ikulirabe.

Ndili pomwepo ndinamva mawu kumbuyo: "Kabaza! Kabaza!"

Anali Dorika. Anali atasenza thumba la chimanga, atavala juzi yabuluu ija munamutumizira. Waonda pang'ono. Anafika, natula thumbalo, osandiyang'ana n'kumaso komwe, poti kumaso kunali galasi lakuda ndi fumbi.

"Kuchigayo, achimwene," anatero.

Ndinangogwedeza mutu. Anamanga yekha thumba pakeriyala ndi chingwe chake, nakwera, nagwira chitsulo chakumbuyo monga achitira mayi akakwera njinga ya mlendo. Tinanyamuka. Kuchigayoko ndi makilomita atatu okha, koma ndinayenda pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira. Titadutsa pamchenga njinga inagwedezeka, dzanja lake linagwira phewa langa. Silinachokepo mpaka tinafika.

Anatsika, namasula thumba lake, naliimika pakhoma. Kenako anati, osakweza mawu, "Vulani chisoticho, a Mphepo. Mukuyesa ndingaiwale msana umene ndausambitsa zaka zisanu ndi zinayi?"

Ndinavula. Tinapita kuseri kwa chigayo kumene phokoso linali lochepa, iye anakhala pamwala, ine ndinaima ngati mwana wasukulu wochedwa.

Apa ndiye pamene pali nkhani imene ndakubisirani. Mukudziwa kuti zaka zonsezi m'nyumba mwathu simunalire mwana, ndipo abale onse ankaloza Dorika. Chaka chatha mu Juni ndinapita ndekha kuchipatala china ku Lilongwe, ndinanamizira za fodya. Anandiyeza kawiri. Dokotala anandiuza kuti vuto lili mwa ine, ndipo mwina linachokera ku matsagwidi aja munandidwazika ndili Fomu 2. Anati mwana wa m'thupi mwanga ndisayembekezere. Anandipatsa pepala. Ndinalipinda kanayi, n'kulibisa pansi pa mapepala a fodya, osauza munthu. Dorika anapitiriza kumwa mizu yowawa imene ankamupatsa azimayi, pamodzi ndi mankhwala aja munatumiza inu ndi mtima wabwino. Ine ndinkamuonerera akumwa.

Mu Novembala, tsiku la chiliza cha amayi, azakhali ananena pamaso pa azimayi onse ophika kuti nkhuku yosaikira imangotha chimanga. Dorika anali pomwepo akutsuka mbale. Ine ndinali pafupi, ndikumasula chingwe cha tenti. Ndinamva. Ndinapitiriza kumasula chingwe.

Kuseri kwa chigayo kuja ndinamuuza zonsezi. Ndinalankhula mododoma, maso ali pansi, ndikudikira kuti akuwa kapena kulira. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Pepalalo ndinaliona mu Ogasiti," anatero. "Ndinkafuna khadi ya feteleza. Chingerezi changa n'chochepa koma ndinamva."

"Bwanji sunanene?" ndinafunsa.

"Linali langa kuti ndinene? Ndinalibwezera pomwepo. Ndinati mwamuna wanga akuvutika mumtima, tsiku lina andiuza, tilira limodzi, tiona chochita. Mizu ija ndinkamwa kuti musadziwe kuti ndadziwa. Ndinadikira Ogasiti, Sepitembala, Okutobala. Za mwana ndinali nditazivomera kale, a Mphepo. Ndikanakhala nanu mpaka imvi. Koma tsiku lija munamasula chingwe."

Mayi wina anasuzumira n'kumuuza kuti mzere wake wayandikira. Dorika anaimirira, nakonza mpango wake.

Ndinamutchula mfunda wake, ndinati, "Tiye kunyumba, Nambewe. Ndapepesa."

"Mwapepesa kuseri kwa chigayo," anayankha. "Ine ananditukwana pabwalo. Mawu mwandiuzawa si ine ndikuwasowa, ndinali nawo kale. Kawauzeni amene ananditcha nkhuku. Mukatero mutume ankhoswe kwa amalume anga, osati kubwera mutabisa nkhope ngati wakuba."

"Ndikatero ubwera?"

"Sindikudziwa," anatero. "Ndaphunzira kugona bwino kuno."

Analowa m'chigayo. Ndinadikira pang'ono kuti mwina atuluka ndimubweze kunyumba ndi ufa wake, koma anatumiza mayi uja kudzandiuza kuti abwerera wapansi.

Ndinafika pabwalo la mpira patapita maola awiri ndi theka. Nyimbo zinali zitazimitsidwa, anthu atasonkhana pageti, ena akuloza. A Abbasi anali ataima pakati, chitupa changa chili m'manja. Ndinatsika, n'kuvula chisoti.

"Bambo Aloysius Mphepo," anawerenga pachitupapo. "Ndinali nditatulutsa foni kuti ndiimbire apolisi, koma nthawi ya swala inakwana. Ndinati ndiyambe ndapemphera, mwina Mulungu ambweza munthuyu. Munali kuti?"

"Kwa Lukwa," ndinatero. "Ndalakwa, bwana. Chilichonse munganene ndivomera."

Anazungulira njingayo, akuyang'ana matayala ndi magalasi. Pakeriyala panali patakanirira njere zingapo za chimanga. Anazitola, naziyang'ana m'dzanja mwake, kenako anandiyang'ana ine. Maso anga ayenera kuti anali ofiira, ndipo si fumbi lokha. Anauza anthu aja kuti abalalike, nkhani yatha.

Titatsala awiri anafunsa motsitsa mawu, "Amene anakwera kumbuyoyo akuti bwanji?"

"Sananene za njinga," ndinayankha.

"Ndiye musagule lero," anatero akundibwezera chitupa. "Sitolo yanga ili pafupi ndi depoti, sithawa. Koma tsiku lina mukadzafuna kupita kutali, mudzanene. Mtima wanga ndi wokalamba."

Ndinakwera minibasi yobwerera kwa Kaluluma. Ndinafika dzuwa likadalipo, ndinatsekula chitseko, zonse zili mmene ndinazisiyira m'mawa, kapu yanga ya tiyi ili patebulo pomwepo. Ndinatulutsa pepala lija, ndinaliwongola, ndipo kuyambira tsikulo lili pamtunda.

Lamulungu likubwerali tikatuluka ku Misa ndikupita kwa azakhali. Ndapempha amalume athu ndi akuluakulu ena awiri kuti adzakhalepo, pamodzi ndi azimayi amene anaphika tsiku la chiliza. Sindinawauze chifukwa chake. Akuganiza kuti ndikufuna kulengeza za mkazi wina, moti azakhali ayamba kale kutchula mayina a ana a eni. Ndikuopa, achemwali. Mukudziwa mmene mudzi wathu umatafunira nkhani yotere, ndi dzina limene adzandipatse kumowa. Ndadzuka kale kawiri ndi maganizo oti ndisiye. N'chifukwa chake kalatayi ndaipereka kwa a Wyson lero lomwe, kuti ikakhala m'chikwama mwawo ndisakhalenso ndi pothawira. Mwina pamene mukuwerenga ndidzakhala nditanena kale. Ngati ndidzakhala nditalephera, mudzandiimbire, mudzandifunse mosanyengerera ngati mmene munkachitira ndikajomba kusukulu.

Ndili ndi pempho limodzi. Musandimvere chisoni ine poyamba. Nambala ya Dorika sinasinthe. Inu simunamunenepo choipa, koma mankhwala aja anafika ndi dzina lake pabotolo, ndipo anawamwa onse. Mukapeza mawu, muwapereke kwa iyeyo. Musamupemphe kuti abwerere, zimenezo n'zake.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwauze kuti mbuzi yawo ija yaswa awiri. Moni wapadera kwa Raymond ndi Nthanda. Ndamva kuti Chichewa chayamba kuwathawa, chonde muziwalankhula ngakhale pophika pokha. Mukadzabwera pa Khirisimasi musadzawasiye ngati chaka chatha. Ndikufuna ndidzawaonetse malire a munda wa amayi, kuyambira pachulu mpaka kudambo, adzayende ndi mapazi awo, adzadziwe mtengo uliwonse. Ana anuwo ndiwo ana anga, achemwali. Ena sakubwera.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Aloysius.