Vinyo Wanu Anafika ku Ukwati

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Liwaladzi tili bwino, kupatula bondo langali lomwe layamba kulosera mvula ngati lanu lija.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Mkazi wa mchimwene wanga Faisoni wabereka mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo pakamwa watengera inu ndithu, akayamba kulira mudzi wonse umadziwa. Mpunga tinakolola wokwanira ngakhale mvuu zinatidyera chigawo cha kumunsi. Dziko nalo lasintha chichokereni inu. Pamsika palibenso wofunsa khadi la chipani, ndipo ana adzaza sukulu mpaka ena akuphunzirira pansi pa mango popeza tsopano salipira. Amalonda nawo abwera ndi timabotolo ta mafuta akunja, ati ukadzola makwinya amathawa. Mng'ono wanga Ketrina anagula. Makwinya akadalipo, koma masaya apsa ngati mbatata yootcha. Ndinamukumbutsa mawu anu aja akuti, "Nkhope ndi vinyo n'chimodzimodzi, sizifuna dzuwa, sizifuna changu." Anandikwiyira masiku angapo.

Nkhani yaikulu ndi iyi: mdzukulu wanu Tiyamike wakwatiwa. Mwamuna wake ndi Yusufu, mnyamata wa kuboma wokonza mainjini a maboti, wa m'banja la Chisilamu. Ndi wofatsa, wogwira ntchito, ndipo inu mukanamukonda mutamuzunguza kaye ndi mafunso. Koma tsiku lomwe amalume ake anabwera kudzafunsira mbeta, mtima wanga unathamangira kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ku dzenje lanu lija.

Dzenjelo lidakali momwe munalisiyira, ndi mchenga wake wa kunyanja, botolo lalikulu la vinyo wa bwemba pakati, timabotolo ta mafuta a nsatsi m'mbali. Vinyoyo munamukonza chaka chomwe munayamba kudwala. Munatseka ndi chitsononkho, kumata phula, n'kundiuza kuti, "Uyu ndi wa pa ukwati wa Tiyamike. Ine ndikalephera kufika, adzafike iyeyu." Chiyambire pamenepo mchengawo ndakhala ndikuuthirira m'mawa uliwonse kuti pazizizira. Bambo a Tiyamike atafuna kuika simenti nyumba yonse, ndinaima pa dzenjepo manja m'chiuno mpaka mmisiri analambalala. Pamenepo ndiye ndinadziwa kuti ndine mwana wanu.

Tsono taonani vuto. Pa ukwati wa Chisilamu vinyo angalowere pati? Kumutulutsa kukanakhala kunyoza asewere anga, ndipo ndinkaopa kuti akangomva zoti m'nyumba muno muli vinyo, adzati mwanayo wachokera pakhomo pa mowa. Koma kumusiya m'dzenje kunali kukutsekerani inu m'nyumba ife tikupita ku ukwati. Zonse ziwiri zinkandiwawa, ndipo sindinauze munthu.

Ukwati utayandikira, kunafika mayi ake a Yusufu, a Mwanaisha. Ndi aakulu kwa ine kutalitali, Yusufu ndi chitsirizira chawo, koma nkhope yawo ndi yosalala moti Ketrina anangoti kukamwa yasa. Anati abwera kudzatenga mafuta a nsatsi odzamudzoza mkwatibwi, chifukwa zaka zonsezi iwo sanadzolepo ena koma anu, aja munkapita nawo kuboma. Ndinawapempha adikire pakhonde ndikatenge. Iwo anangovula nsapato, kulowa, n'kulunjika kuseri kwa chitseko ngati ndi kwawo. Ati anabwerapo kudzakuzondani ine ndili kudambo, ndipo munawaonetsa nokha dzenjelo ndi zonse zili momwemo. Amayi, inunso mukanandiuzako, ndikanagona tulo miyezi yonseyi.

Posuntha botolo lalikulu kuti tifikire mafuta, ndinaona kuti phula lang'aluka. Ndi liti, sindikudziwa. Kunatuluka fungo lobaya m'mphuno. Ndinaviika chala n'kulawa: vinyo wanu anali atasasa. Ndinakhala pansi pa simenti ya bambo a Tiyamikeyo n'kulira pamaso pa mlendo, osachita ndi manyazi omwe. Madzi onse ndinatunga aja, ndiye kuti ndinkathirira chiyani?

A Mwanaisha anandisiya ndilire kaye. Kenako ananunkhiza botololo, n'kundifunsa ngati ndinathiramo kanthu kalikonse. Ndinati ayi, chitsekereni inu sindinaligwirepo pakamwa. Iwo anathokoza Mulungu m'mapempheredwe awo, nati ameneyu si vinyonso, ndi siki, kutanthauza viniga, ndipo vinyo akasanduka siki payekha chipembedzo chawo chimalola kudya. Anakafunsanso kwa ashehe kuti pasadzapezeke woyankhula, ashehe n'kuvomera.

Choncho botolo lanu linakwera matola kupita kuboma lili pamiyendo panga, nditalikulunga m'chitenje chanu cha maluwa ofiira chija. Kondakitala anafuna kuliika pamwamba ndi katundu wina, ndinangomuyang'ana, iye n'kusiya yekha. Amayi ophika analithira mu kachumbali wa anyezi, tomato ndi tsabola wodyera mpunga wa pilawo. Anadya onse, Asilamu ndi Akhristu, ashehe ndi amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu, ana mpaka kunyambita mbale.

Ndipo mukanamuona Tiyamike. Mafuta anu akale anali ochepa, ndiye ndinayenga ena ndekha monga munandiphunzitsira, kukazinga pamoto wochepa, kusinja, kuwiritsa, kuyengula mosapupuluma. A Mwanaisha anayesa padzanja nati sakusiyanitsa ndi anu. Mawu amenewo ndawasunga, ndipo sindibisa, ndikunyada nawo. Mkwatibwi anawala popanda botolo la kumsika. Ketrina wabwera kale kawiri kudzapempha, ndamupatsa kamodzi.

Chakudya chili mkati, mkulu wina wa kuchimuna anafunsa kuti kachumbali wotereyu wakonza ndani. A Mwanaisha anayankha mokweza kuti ndi agogo ake a mkwatibwi. Anthu osadziwa anayamba kucheukacheuka, kukufunani pakati pa amayi kuti akuthokozeni. Tiyamike anandiyang'ana misozi ili m'maso. Ine ndinangowauza kuti agogowo afika kale, ndipo aliyense wawalandira.

Botolo ndalitsuka, labwerera m'dzenje mwake. Bwemba akapsa ndikonza vinyo wina wa pa ukwati wa kamwana ka dzina lanuka, ndipo mchenga ndiziuthirira mpaka bondoli lidzandikanize. Kaya adzakhala vinyo kaya siki, ndikukulonjezani kuti kumenekonso mudzafika.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi kukusowani,
Eluby