A Mchira Atsogola

Kwa mayi a pakhomo, ana, adzukulu ndi onse amene mwakhudzidwa ndi zovutazi,

Ife a bungwe la asilikali opuma pa ntchito talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wakuti mnzathu wokondedwa, amene tonse tinkawatchula kuti a Mchira, atisiya atadwala kwa nthawi yochepa.

Malemuwa anatumikira mokhulupirika m'gulu lapadera lija limene pa nthawi ya nkhondo linkatumizidwa mwakachetechete kuseri kwa adani, kumene kutsokomola kokha kukanatha kuphetsa gulu lonse. Tikamayenda pamzere m'tchire, iwo ndiwo ankakhala kumapeto, ndipo dzinali linachokera pamenepo. Ntchito yawo inali kufafaniza mapazi athu ndi nthambi, kutola chilichonse chimene wina wagwetsa, ndi kunyamula aliyense amene miyendo yamukana. Ine amene ndikulemba pano ndinabwerako ndili pamsana pawo, chipolopolo chili m'ntchafu, iwo akundinong'oneza kuti tikafika ndichepetseko kudya. Atapuma pa ntchito sanasinthe: ndiwo ankakankha njinga za anzathu olumala, ndiwonso ankatseka chitseko cha holo ya misonkhano yathu tonse titatuluka.

Pa misonkhano yathu, enafe tikamakometsera nkhani za nkhondo mpaka kuikamo ndi zomwe sizinachitike, iwo ankangoseka. Ankati chimene akukumbukira iwo ndi nkhongo zathu basi: ya uyu inkatuluka thukuta akachita mantha, ya uyo inkapendekera kumanzere akatopa. Nkhope zathu, ankatero, anadzazidziwa nkhondo itatha, ndipo zinawakhumudwitsa.

Tsopano ndilankhule ndi inu, alamu, monga mwandilolera kuti ndiyankhe pagulu. Tili pabenchi ya m'khonde la chipatala, adokotala atangotiuza kuti a Mchira atisiya, munandigwira dzanja n'kundifunsa kuti: "Alamu, zaka zonsezi bambo aja sanayendepo pambali panga. Kumsika kumbuyo, kuukwati wa mwana wathu kumbuyo. Kodi ndinkawachititsa manyazi?" Munatinso mukawafunsa ankangoti ndi chizolowezi, ndipo munasiya kufunsa, koma mtima sunasiye kuwawa.

Yankho ndi ili. Pamzere wathu, wakutsogolo ankayang'ana njira, koma wakumbuyo ankayang'ana anthu, ndipo malo amenewo sankapatsidwa kwa munthu wamba. Tsiku lina tikuchokera kumsonkhano, inu muli patsogolo ndi chikwama chanu, ndinawaseka kuti nkhondo inatha kalekale, akayende ndi akazi awo ngati anthu. Anandiyankha maso ali pa inu: "Mzere wanga watsala ndi munthu mmodzi, achimwene. Ameneyu ndiye ndikufuna akafike kunyumba."

Sanachite nanu manyazi, alamu. Ankakukondani, ndipo ankakulonderani m'njira yokhayo imene ankaidziwa.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu, kwa ana ndi kwa abale onse, ndipo tikupempha Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa. Lero, kwa nthawi yoyamba, a Mchira atsogola. Koma tsiku loika maliro, mukamachoka kumanda, mudzamva ndodo zikugogoda pang'onopang'ono kumbuyo kwanu. Musadzatembenuke, ndipo musadzafulumire, pakuti miyendo yathu inatha. Tidzakhala tili ife, mpaka mutalowa m'nyumba.

Ine wanu pa chisonichi,
Wapampando wa bungwe