Za Chithunzi cha Tionge Chija

Lanham, Maryland
25 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Stafford,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Mitundu. Chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tili bwino, kungoti dzuwa lachita kunyanya.

Uthenga wanu ndinaumvera kawiri, chifukwa koyamba ndinangomva ukali wokhawokha. Mukufunsa kuti zatheka bwanji mwana wa mlongo wanu kukwatiwa, inu amalume ake n'kuonera chithunzi pa WhatsApp ngati munthu wapanjira. Pafoni ndinakuyankhani kuti ndi masewera. Lero ndalemba kalata chifukwa nyumba za kuno makoma ake ndi opyapyala, Tionge amamva zonse.

Ndiyambe ndi zimene ndikudziwa. Tionge amakonda makatuni a ku Japan. Musaganize kuti ndi za ana, amaonera ndi anthu a ndevu zawo. Amene anamulowa m'magazi ndi a nkhondo ya m'mlengalenga. Maiko awiri a ku nyenyezi akhala akuphana zaka makumi anayi, zombo zikuluzikulu kuphulitsana, pamene andale ali phee m'nyumba ya malamulo kulimbirana mipando. Pamenepo pokha ndinati a ku Japan anafikako kwathu. Ndiye muli mtsikana, mwana wa nduna, amene akondana ndi mkulu wa asilikali a adani. Awiriwo amangitsa ukwati mobisa m'chombo, popanda wachibale ndi mmodzi yemwe, poopa kuti awaletsa.

Chaka chilichonse okonda zimenezi amasonkhana mu holo yaikulu ku Washington atavala ngati anthu a m'makatunimo, ena n'kumasewera zimene anaonera. Diresi loyera lija wavala Tionge pachithunzipo ndi la mwana wa nduna. Wayunifolomu ya mabatani agolide ndi Alvin, wa ku Zambia, wogwira ntchito ku Foggy Bottom, ku Washington komweko. Ameneyu chaka chatha anabwera kudzanena za ukwati, ine ndinamubweza. Ndinati Tionge amalize kaye sukulu ya unamwino, komanso nkhani yotere siyambira kwa mayi, imayambira kwa amalume. Anavomera mwaulemu kwambiri, ulemu umene lero ndikuukayikira.

Tsopano tengani chithunzicho muchikulitse. Kumbuyo, kumanzere, kuli mayi wovala suti yachitenje ndi duku. Ameneyo ndi Luyando, mlongo wake wa Alvin. Mayi ameneyu anandiuza yekha kutchalitchi kuti makatuni ndi ntchito ya anthu osowa chochita. Nanga chinamuchotsa kutali kumene amakhala ku Manassas n'chiyani, atatchena chonchija, pakati pa anthu ovala mapiko ndi michira? Ndipo muone nkhope yake, akupukuta maso.

Muonenso amene waima pakati pa Tionge ndi Alvin atavala ngati woyendetsa chombo. M'manja mwake muli envulopu yeniyeni. Ndinamuonetsa Margaret, mnzanga wa kuntchito kosamalira okalamba, ndikuyembekeza kuti andiseka. Sanaseke. Anandiuza kuti ku Washington mnzako wamba amatha kutenga chilolezo cha tsiku limodzi n'kukumangitsani ukwati wovomerezeka ndi boma, popanda abusa, popanda ankhoswe.

Lamulungu lapitali ndinamupanikiza Alvin poimika magalimoto patchalitchi. Anati, “Ah mami, ni vosewera chabe, osaikako nzelu.” Ananena zimenezi akuyang'ana makiyi. Tionge ndinamufunsira kunyumba. Anandiyankha m'Chingerezi chake chothamanga chija, kundilongosolera nkhondo yonse, ndani anapereka mnzake, ndani anaba zisankho, koma funso langa analilambalala. Yunifolomu inabwezedwa kumene anaibwereka, diresi lili m'kabati, koma mphete ikadali pachala cha Tionge, sabata yachitatu ino. Akuti chala chatupa ndi kutentha. Ndinamupatsa sopo. Anaseka, n'kulowa kuchipinda kwake.

Pempho langa ndi limodzi. Mumuimbire foni inu monga amalume ake, mumufunse modekha. Ukali wa mu uthenga uja muusiye pambali, ana okulira kuno ukawakalipira amangotseka foni. Inu sangakunamizeni, amakuopani ndipo amakukondani. Akavomera kuti ndi zoona, musamutaye. Mumuuze kuti Alvin atumize anthu ake, inu muime ngati nkhoswe, ngakhale zinthu zayambira kumapeto. Banja lopanda ankhoswe m'dziko la eni, tsiku limene adzakangane adzathawira kwa ndani?

Mwina mufunsa kuti bwanji osamukhazika pansi ndekha mpaka anene. Ndikuopa yankho, achimwene, ndipo ndili ndi manyazi. Sabata ya msonkhanowo Tionge anandipempha katatu kuti ndipite nawo. Ndinamuuza kuti sindingasiye okalamba anga kuntchito kukaonerera anthu akuluakulu atavala ngati zilombo. Kachitatu anali m'mawa wa Loweruka lomwelo, diresi lili pamkono. Anaima pakhomo n'kunena m'Chichewa, chimene sachita kawirikawiri, “Amama, chonde, lero lokha.” Ine ndinamuuza kuti atseke chitseko, akulowetsa ntchentche.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa Aleke ndi ana ake, ndi kwa onse apamudzi. Amayi muwapatse moni wapadera, koma kalatayi musawawerengere. Akudikirabe tsiku lodzalulutira mdzukulu wawo, ndipo ine ndilibe pakamwa powauzira kuti mwina tsikulo linadutsa, mayi wake ali kuntchito.

Ndine mlongo wanu,
Esnat