Ndani Akupukuta Nsapato za Bambo?

Lachinayi, pa 17 Okotobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti mawondo a amayi amavuta m'mawa. Pakamwa pokha ali bwinobwino, mukuwadziwa.

Munandituma kuti ndidzaone ngati n'zoona kuti mutu wa amayi wayamba kusokonekera, monga anakuuzirani aneba pafoni. Munati zikakhala zoona mubwera mwezi wamawa kudzawatenga, m'nyumba muno n'kuikamo anthu a lendi. Ndabwera ndipo ndaona. Koma muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kufunafuna lole, chifukwa inu mumaweruza mlandu mwini wake asanakhale pansi.

Aneba sananame. Tsiku limene ndinafika, ndisanatule n'komwe chikwama, amayi anandinong'oneza kuti, "Iwe, uziyenda pang'onopang'ono m'kolido, bambo ako masiku ano amabwera." Ndinakatsegula chipinda cha bambo, chija tinachitseka maliro atatha. Achimwene, munkamveka fungo la fodya wa m'kaliwo, osati lakalekale ayi, ladzulodzulo. Nsapato zawo zakuda zija zinali pansi pa bedi zili waliwali, mpando wawo utayang'ana pawindo.

Ine zamizukwa ndimakana. Mzukwa sugula polishi. Ndinati apa pali munthu wamiyendo iwiri, ndipo womukayikira sindinachedwe kumupeza.

Patebulo la pabalaza pali mulu wa mabuku akutha, onse ngati obadwa kwa mayi mmodzi. Pachikuto pamakhala mtsikana wa diresi loyera akuthawa, kumbuyo kwake chinyumba chakuda, windo limodzi lokha likuwala. Amawabwereketsa ndi bambo wina wogulitsa mabuku akale pafupi ndi sitolo ya mankhwala, amene amayi amangomutchula kuti a Magalasi. Munthu wake ndi waulemu wopyola muyeso, ulemu wokayikitsa uja, amavulira chipewa ndi galu yemwe. Buku amadzasiya yekha, n'kumwa tiyi m'kapu ya alendo. Ndiye maso akewo! Tsiku lina anabwera ine ndilipo, uku akumwa, uku akuyang'ana kudenga, akugogoda khoma ndi chala, ati, "Nyumba ngati izi anasiya kumanga, mwanawe."

Mumtima ndinati ehe, ndakugwira. Ukuwadzaza amayi mantha ndi mabuku ako, n'kumalowa mobisa kudzasuta fodya, kuti athawe nyumba iwe uipeze mosavuta. Kapena ukufuna nyumba ndi mwini wake yemwe. Atachoka ndinafunsa kuti, "Amayi, kodi a Magalasi anuwa ali ndi kiyi wa khomo la kuseri?" Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi, ati, "Ndani, amene uja? Amathawa ndi mphemvu yomwe." Kusekako ine sindinakukhulupirire.

Kuti ndidziwe machenjera ake ndinatenga buku limodzi. Musandiseke, mphika unapserera pamoto ine ndili pakhonde. Mtsikana wafika kudzagwira ntchito m'chinyumba chakale, mwini nyumba ndi bambo wa nkhope yosasekerera, ndipo sudziwa ngati amukwatira kapena amupha. Pali chipinda chimodzi chimene amuuza kuti asatsegule. Iwe ukukuwa kuti usatsegule mwana iwe, mtima womwewo ukuti tsegula msanga tione. Ndinamaliza, n'kutenganso lina, ndikudzinamiza kuti ndikufufuza.

Lachiwiri masana ndinatchera msampha. Ndinawaza ufa pakhomo la kuseri kuti mapazi a wolowa aoneke, n'kutsanzika kuti ndikupita kokakonzetsa tsitsi. Ndinangozungulira kumsewu, kubwerera nsapato zili m'manja, n'kubisala kuseri kwa thanki ya madzi. Miyendo mpaka inachita dzanzi, osaona wolowa. Koma fungo la fodya linayamba kumveka. Ndinanyang'ama mpaka pawindo la bambo n'kusuzumira.

Anali amayi, Achimwene. Atakhala pansi, miyendo atatambasula, nsapato ya bambo pamiyendo, bulashi m'manja. Pambali pawo fodya akufuka m'kambale, iwo akutsokomola, paja utsi sagwirizana nawo. Atamaliza anadzuka movutikira, kuika nsapato m'malo mwake, kutuluka n'kutseka. Ndinamva madzi akutsika kukhitchini, akusamba m'manja. Kenako chitseko chinatsegukanso pang'onopang'ono, iwo n'kuima pakhomo, kukoka mpweya, akumwetulira ngati apeza zachilendo.

Ndinalowa m'nyumba n'kuwafunsa kuti, "Amayi, ndiye mzukwa uja ndinu?"

"Tseka pakamwa, ntchentche zingalowe," anatero, osadzidzimuka n'komwe. "Ukuyesa ndapenga? Ndikudziwa kuti ndine. Bambo ako ndawadikira kokwanira, iwe. M'mabuku umu munthu akafa sachoka pakhomo. Amagogoda, amazimitsa kandulo, amachita nsanje, amasowetsa anthu mtendere mpaka amumve. Angawa anangopita ngati munthu wa lendi. Ngakhale kutsokomola kamodzi m'kolido, ayi ndithu. Ndiye ndinati ngati akuchita manyazi ndiwayambire ine, mwina aona kuti malo awo alipo."

"Nanga kuuza aneba kuja?"

"Ukauzako munthu zimakhala ngati zoona."

Ndinalira, Achimwene, sindibisa. Iwo anangondipatsa tsache kuti ndikasese ufa wawo umene ndinawononga, paja anali atandiona kalekale.

Ndiye yankho langa ndi ili: mutu wa amayi uli bwino kuposa wanga. Mankhwala amamwa okha pa nthawi yake, masiku obadwa a zidzukulu zonse akuwatchula osaphonya. Chikuwavuta ndi kusowa bambo basi, ndipo chimenecho lole sichiza. Kwanu kuja, m'nyumba yam'mwamba yonunkhira penti, mmene bambo sanapondemo phazi, akawadikirira pati?

A Magalasi ndawakhululukira theka, theka linalo ndikuwayang'anabe. Amene ndayamba kumukayikira tsopano ndi inu, mundikhululukire. Ndisanakwere basi yobwera kuno, alamu anandifunsa ngati m'chipinda cha bambo mungalowe bedi lalikulu. Nthawi imeneyo sindinaganize kanthu. Kodi anthu a lendiwo munawapeza kale? Munandituma kudzaona, kapena kudzangovomereza zimene munapangana awiri? Ngati ndakunamizirani mundikalipire, ndine mwana kwa inu. Koma mukadzabwera ndi lole, ine ndidzabweranso kuno, mudzandipeza nditakhala pageti.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndilibe nawo chifukwa. Ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Amayi akuti moni wambiri, akuti muzivala juzi, ndipo akufunsa ngati chifuwa chanu chija chinatha. Sakudziwa chimene ndinabwerera kuno, ndipo sindiwauza.

Ine ndinyamuka Loweruka, ntchito ikundidikira. Amayi akakalowa kubafa m'mawa, nditenga jekete la bambo m'kabati ndilipachike kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, paja ankalipachika akaweruka, amayi n'kumakalipa kuti linunkha utsi. Akakuimbirani foni kukuuzani, chonde musati n'zabodza. Mungowafunsa kuti bambo ali bwanji.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Mzime wa amayi